Mtengwa wa Diso Lolira

Pa Mtakataka palibe amene sadziwa Silvesta Chalera. Mukatsika minibasi pa siteji n'kuyang'ana kudzanja lamanja, sitolo ya malata ndi simenti yopakidwa utoto wobiriwira ija ndi yanga. Chigayo chakuseri kwake ndi changanso. Nyumba yogona alendo imene amafikira ogula nsomba a ku Lilongwe ndinamanga ndine, ndipo pulani yake ndinaijambula ndekha pamchenga ndi chala. Ndinayamba ndi njinga yobwereka, kutenga usipa kunyanja kukagulitsa kumtunda. Kenako ndinagwira chiwongolero cha thiraki. Beira ndimaidziwa ngati khonde la kwathu, ku Dar es Salaam ana amandipatsa moni pondiitana dzina, ku Joni ndinagonako m'nyengo yoti madzi amaundana m'ndowa. Zonsezi ndikunena kuti mudziwe kuti amene anatsala pang'ono kulandidwa mkazi m'nkhaniyi si munthu wamba.

Mkazi wanga ndi Bernadeta, Nangozo, wa m'mudzi wina kuseri kwa Golomoti. Kwawoko mwamuna ndiye amakakhala kwa mkazi. Inenso ndinakhalako chikamwini, ndikulima thonje la apongozi, koma bizinesi itakula ndinakapempha chitengwa, kuti mkazi ndimutenge akakhale kwathu. Amene anavomera anali atsibweni ake, a Damiano, mwini mbumba yonse ya kumeneko. Tsiku limenelo anandiuza kuti, "Akamwini, mwana uyu takubwerekani, sitinakugulitseni. Tikadzamva kuti akulira tidzabwera kudzamutenga."

Ine ndinaseka. Alire chiyani? Ndinamumangira nyumba ya matailosi, mpopi m'khitchini, sola padenga. Zitenje zake ndinkagula ku Dar, osati za pamsika zimene zimasuluka ukangozichapa kawiri. Mwana wathu woyamba, Katerina, ali ku sekondale yogonera konko. Pa Mtakataka mkazi akafuna kuchititsa manyazi mwamuna wake amati, "Kaoneni mmene a Chalera amasungira Nangozo."

Ndiye chaka china, mvula itangotha, diso lamanzere la Bernadeta linayamba kutuluka misozi. Lamanja lili bwinobwino, lamanzere likungodontha. Pangodya pake, pafupi ndi mphuno, panafiira n'kutupa pang'ono, ndipo mmawa ankadzuka zikope zitamatana ndi manthongo achikasu. Iye ankati sipapweteka kwenikweni, pamangoyabwa.

Tinayamba ndi zimene aliyense amayamba nazo: kamafuta kopaka m'maso ka ku sitolo ya mankhwala. Kenako mankhwala odontheza a pa kachipatala kena kolipira. Mnzanga woyendetsa thiraki anandibweretsera ena ochokera ku Joni, m'kabokosi ka zilembo zagolide. Mlongo wanga, ine ndili ku ulendo, anaitana mayi woyamwitsa kuti afinyiremo mkaka wa m'mawere monga amachitira kumudzi, ndipo nditamva ndinakalipa mpaka nkhuku zinathawa pabwalo. Mankhwala onsewo ankachita chimodzimodzi. Diso liuma pang'ono, tisangalala, botolo likatha misozi yabwereranso. Chaka chinatha tili pomwepo.

Tsoka lake, Bernadeta ndiye amakhala pa kauntala ya sitolo. Munthu adzagule misomali, apeze mkazi wa Chalera akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Wina adzagule loko, apeze zomwezo. Ku tchalitchi pa nyimbo yachisangalalo amayi onse akuvina, iye kampango kali m'maso. Amayi a kumphakati anayamba kumugwira paphewa n'kumati, "Limbani mtima achemwali, amuna oyendayenda ndi choncho." Ena anati ndili ndi mkazi ku Beira. Ena anandipatsa ana atatu ku Tete, ndi mayina awo omwe.

"Ndikawauza kuti ndi matenda," Bernadeta anandidandaulira, "amagwedeza mutu n'kuti, 'Inde, inde, tonse timanena choncho.'"

Chimene chinandigwetsa chinali maliro. Kwawo kunamwalira amayi ake aang'ono, ndipo Bernadeta anakhalako mpaka tsiku lometa. Popita anali atangoyamba botolo latsopano la mankhwala. Ndiye tangoganizani: maliro atha, ena onse maso akadali ofiira, mkazi wanga yekha diso lauma. Abale ake anaona. Atabwerera pa Mtakataka botolo linatha, misozi inayambanso, ndipo a minibasi ananyamula nkhaniyo ulere kukaitula ku Golomoti.

A Damiano anafika pa njinga yawo yakale dzuwa lili paliwombo. Ndi munthu wamfupi, wouma thupi, mlimi wa thonje, ndipo ndi amene analera Bernadeta bambo ake atamwalira. Ndinawatulutsira mpando wa khushoni, anaukana, anakhala pa thumba la simenti.

"Akamwini, bizinesi ikuyenda?"

"Ikuthamanga, apongozi. Posachedwa ndikutsegula ina ku Salima."

"Zabwino. Nanga mwana wangayu bwanji akusamba kumaso ndi misozi?"

"Ndi matenda, apongozi."

"Matenda odziwa masiteji? Akafika ku Golomoti atsike minibasi, akafika pa Mtakataka akwerenso?"

Bernadeta anatuluka kuseri kwa kauntala n'kugwada. "Atsibweni, ine sindikulira ayi. Bambo a Katerina sanandilakwire kanthu."

"Iwe khala chete. Tinakulanga ndife. Mkazi wolangidwa bwino saulula za m'nyumba ngakhale zikumuwotcha. Pakamwa pako pakunena zimene tinakuphunzitsa, koma disolo silinapite ku chinamwali."

Kenako anatembenukira kwa ine, osakweza mawu. "Thonje langa likangotha kutola, Bernadeta abwera kwathu. Adzakhala mwezi. Diso likapitiriza kulira kwathuko, ndiye kuti ndi matendadi, tidzam'bweza ndi nkhuku yopepesera. Likauma, chitengwa chatha. Mukamufuna mudzamanga kanyumba kuseri kwa khola langa ngati kale."

Ine Silvesta, amene ndinakangana ndi apolisi a pa malire a mayiko asanu osagonja, tsiku limenelo ndinagonja. Mwambo unali kumbali yawo. Ndinkadziwanso kuti Bernadeta sangakanire munthu amene anamulera. Akanapita, akulira ndi maso onse awiri, koma akanapita. Ndipo thonje linali litayera kale m'minda.

Mmawa wake ndinatseka sitolo, chinthu chimene sindichita ngakhale pa Khirisimasi, ndinamutengera ku chipatala cha mishoni ku Mua. Amene anamuona kumeneko anayang'ana disolo nthawi yaitali ndi tochi, anamva mbiri yonse, nati, "Ili si diso lofiira wamba. Musagulenso mankhwala ena. Pitani kwa dokotala wa maso ku Lilongwe." Tinadzera ku Salima pa Hilux yanga yoyera.

Dokotala wake anali mayi, dzina lake Alice Kamtedza, wamagalasi, wolankhula pang'onopang'ono. Ine ndinali nditasunga mabotolo onse otha aja m'jumbo, ndipo ndinawandandalika patebulo pake.

"Ili ndi la ku Joni, adokotala. Ili la ku Tanzania. Mkazi wanga sindimupatsa mankhwala achabechabe."

"Mwabweretsa sitolo yonse, bambo," anatero akumwetulira. "Onsewa ankathandiza kwa kanthawi, kenako n'kuyambiranso?"

"Mwadziwa bwanji?"

Anakhazika Bernadeta pa makina ena ake oika chibwano, okhala ndi nyali yowala kwambiri, nasuzumira m'disomo. Kenako anandiitana kuti ndione. Pachikope cham'munsi, pafupi ndi mphuno, panali kabowo kofiira, kotukuka ngati kamwa ya kambuzi (kansomba kakang'ono ka m'nyanja) ikamapuma.

"Kabowo aka aliyense ali nako," anatero. "Misozi imalowa mmenemu, kudutsa m'kanjira kopapatiza, n'kukatsikira m'mphuno. N'chifukwa chake munthu akalira amamina. Tione ngati njirayo ili yotseguka."

Anadontheza mankhwala a dzanzi, natenga jakisoni wokhala ndi kapaipi kopyapyala kosabaya, nathira madzi m'kabowomo.

"Mukumva chiyani, mayi?"

"Madzi amchere kukhosi," Bernadeta anayankha akumeza.

"Chabwino. Ndiye kuti njira yaikulu sinatsekeke. Vuto lili pakhomo pomwepa."

Anatenga timitengo tiwiri ta thonje kunsonga, kamodzi mkati mwa chikope kena kunja, nafinya pang'onopang'ono kulowera kukabowo kaja. Kunatuluka mafinya. Anafinyanso. Ndipo pamwamba pa mafinyawo panatuluka kanthu kolimba, kachikasu, kakang'ono kuposa njere ya mawere. Anakaika m'kambale n'kukagogoda ndi kachitsulo. Kanalira ngati mchenga.

"Mwala?" ndinafuula. "M'diso la mkazi wanga?"

"Pali tizilombo tina timene timamanga mudzi m'kanjira kameneka. Timaundana n'kupanga timiyala. Mankhwala anu aja ankapha takunja tokha, tam'kati mwa timiyala tinkatsala, botolo likatha n'kuswananso. Mungathire mankhwala mpaka kukalamba, timiyala tikadali momwemo sachira."

Ine nkhani imeneyi ndinaimvetsa msanga kuposa mmene ophunzira ake amamvera, ndikukhulupirira. Ndaona makalavati odzaza mchenga kuyambira ku Nacala mpaka ku Chirundu. Madzi akasowa podzera amasefukira pamsewu, ndipo kalavati yotero sufuna kuipempherera, umalowamo ndi fosholo.

"Fosholo yake ndi imeneyo," dokotala anavomera nditamuuza. "Timang'amba kanjirako pang'ono, kukokolola timiyala tonse, kutsukamo ndi mankhwala. Sagonekedwa tulo, ndi dzanzi chabe. Matenda amenewa ndi osowa, bambo. Chaka chimatha ndisanaone ngakhale mmodzi, ndipo amene amabwera amakhala atazungulira ngati inu, chifukwa amafanana ndi diso lofiira wamba."

Ndinayang'ana Bernadeta monyadira. Ngakhale podwala, mkazi wa Chalera sadwala zimene amadwala aliyense.

Anatipatsa tsiku sabata yotsatira. Anatichenjezanso kuti akachotsa timiyalato diso lizidonthabe milungu ingapo mpaka chotupa chitaphwa, kenako lidzauma.

Pobwerera ndinkaimba. Ndinaimba za kwaya, ndinaimba za Chiswahili zimene ndinaphunzira pa doko. Titadutsa pa mphambano ya ku Salima, Bernadeta anandidula nyimbo pakamwa.

"Bambo a Katerina, mwamvetsa zimene anena adokotala?"

"Ndamva zonse. Lidontha pang'ono, kenako liuma. Si zimene tikufuna?"

"Liumira kuti? Thonje la atsibweni latsala munda umodzi."

Ndinaponda buleki mpaka mbuzi imene inali m'mbali mwa msewu inalumpha. Mkazi ameneyu ndinasankha bwino. Ine ndinali ndisanaone msampha umenewu. Akam'chita opaleshoni, achoka kwathu diso likulira, akafika kwawo n'kuuma. Dokotala akanachiritsa diso, ine n'kuluza mkazi chifukwa cha kuchira komweko.

"Pali njira," anatero Bernadeta. "Tiwauze adokotala adikire. Ndipite kwathu ndi diso lomweli, osathira kanthu, lilire mwezi wonse atsibweni akuona. Ndikabwerako ndiye akachotse."

Kunena zoona njira imeneyo inali yochenjera, ndipo ikanagwira. Koma ndinayang'ana chikope chotupa chija, ndi kampango konyowa kali m'manja mwake.

"Ayi, Nangozo. Usenze mafinya mwezi wina kuti ine ndiwine mlandu? Ine sindinafike pamene ndili pano poyenda pamsana pa mkazi. Timiyalato tichoka tsiku limene anena adokotala. Atsibweni ako ndiye akaone ndi maso awo."

"Sangalole. Ku Lilongwe sanapiteko chiyambire ulamuliro wa zipani zambiri."

"Usiye zimenezo kwa ine."

A Damiano ndinawapeza m'munda, thumba lili m'khosi, manja oyera ndi thonje. Ndinawafotokozera zonse, kabowo, kanjira, timiyala. Anamvetsera osasiya kutola.

"Miyala m'diso," anatero. "Akamwini, mwayenda mayiko ambiri, mabodza anunso ndi akunja. Ndikaone dokotala amene mwamugula?"

"Ine ndimagula simenti ndi malata, apongozi. Madokotala sindinayambe kuoda."

"Pitani nokha. Ine ndidikira mwana wanga pano."

Apo ndinavula chipewa, n'kukhala pansi pamzere, buluku langa la ku Joni lili m'dothi.

"Apongozi, sindinabwere kudzakuitanani kukaona zodabwitsa. Mwana wanu akamucheka ndi mpeni, pafupi ndi diso. Ine ndine mkamwini chabe. Magazi amenewo si anga. Zikavuta, mbumba yonse idzafunsa kuti analola ndani, ndipo ine ndidzati mwini mbumba ndinamuuza, anati ali ndi thonje."

Dzanja lawo linaima. Ndinadziwa kuti ndagunda pamene pali mtsempha. Kwawoko munthu sachekedwa, saikidwa m'manda, sakwatiwa mwini mbumba asananene mawu, ndipo a Damiano udindo umenewu amausenza ngati mtanda wa pa Lachisanu Loyera.

"Mpeni?"

"Kampeni kakang'ono. Koma mpeni."

Anayang'ana munda wawo. "Nanga thonjeli atole ndani?"

"Likudikirani. Ine sindikufulumira kuti lithe."

Anandiyang'ana m'mbali, ndipo ndikulumbira kuti ndevu zawo zinagwedezeka pang'ono.

Tsiku la opaleshoni anavala jekete limene anavala pa ukwati wathu. Ndinawakhazika kutsogolo, Bernadeta kumbuyo, tinakwera phiri kudzera msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere. Pa kona iliyonse ankagwira chitseko ndi manja awiri.

"Akamwini, mwaganiza zothetsa mlandu pondiponya kuphompho?"

"Apongozi, ine ndatsitsa thiraki ya matayala makumi awiri ndi awiri pa mapiri a ku Iringa, mvula ikugwa. Apa ndikhoza kuyendetsa ndikusenda nthochi."

"Musasende. Gwirani chiwongolerocho."

Dokotala Kamtedza anawalandira mwaulemu, anaimirira n'kuwapatsa moni ndi manja awiri. Nditamuuza kuti awa ndi eni mbumba sanafunse zambiri, nayenso ndi mwana wa kumudzi. Anawafotokozera zonse kuyambira pachiyambi, anawaonetsa kabowo kaja pa makina, kenako anafunsa Bernadeta ngati akuvomera. Bernadeta anavomera, nayang'ana atsibweni ake.

"Chekani," anatero a Damiano. "Koma ine ndikhale pomwepo."

"M'chipindamo mulowa wachibale mmodzi yekha," anatero dokotala, akuyang'ana ine.

Anthu inu, chiyambire ukwati wathu Bernadeta sanalowepo pa zoopsa ine ndili kutali. Pobadwa Katerina ndinachoka ku Beira osaima panjira. Koma tsiku limenelo ndinatenga chovala chobiriwira cholowera m'chipindamo chimene anandipatsa, ndi kansalu kotseka pakamwa, n'kuveka apongozi anga ndi manja anga.

"Lowani ndinu. Mumugwire dzanja lamanja, ndi limene amakonda kufinya."

Ndinatsala pakhonde. Ndinayenda kupita uku, kubwerera uku. Ndinauza mlonda mbiri ya moyo wanga, ndinauza mayi wina wodikira magalasi za doko la Durban. Zimene ndinkanena sindikuzikumbuka. Khutu langa linali pachitseko.

Woyamba kutuluka anali a Damiano. Anakhala pabenchi, anavula kansalu kaja, napukuta thukuta ndi chipewa chachipatala.

"Akamwini."

"Apongozi, ali bwanji?"

"Ali bwino, akumumata kabandeji. Akamwini, mayi uja ndi mfiti yabwino. Anabaya jakisoni apa, analowetsa kawaya m'kabowo kaja, nang'amba pang'ono chonchi. Kenako anatenga kasupuni. Kasupuni, akamwini, kochepa kuposa mutu wa machesi! Akapisa, atulutsa. Akapisa, atulutsa. Tachikasu, ngati misere ya chimanga. Ine kumati zatha, iye apisanso, china chitulukanso. Mpaka anatsukamo ndi mankhwala, madzi n'kutuluka oyera. Mwana wanga wakhala akuyenda ndi zimenezi m'diso chaka chonse?"

"Chaka ndi miyezi."

"Ndipo wandifinya dzanja mpaka lachita dzanzi, ngati jakisoni uja abaya ine."

Ndinaganiza kuti mlandu wathera pomwepo. Koma a Damiano si munthu wogula ng'ombe poiona nyanga zokha. Mmawa wake dokotala atachotsa bandeji, iwo anasuzumira m'diso la Bernadeta.

"Miyala ndaiona. Koma likulirabe."

"Lidontha kaye, bambo," dokotala anatero. "Apitirize mankhwala odontheza ndi mapiritsi awa osadumphitsa. Timiyalato tatumiza kuti akatiyeze. Mudzabwerenso ndidzaone ngati kanjirako kapola bwino."

"Ndiye ine ndikhala kwa akamwini mpaka ndione pothera pake."

Anakhaladi. Thonje anatumiza uthenga kuti adzukulu amalize. Ndinawapatsa chipinda chabwino koposa m'nyumba yanga ya alendo, cha fani ndi shawa, iwo n'kumagona pamphasa pambali pa bedi, ati matiresi amawapweteka msana. Ntchito yodontheza mankhwala anailanda. Nthawi ikakwana ankafuula kuchokera pakhonde, "Bernadeta, bweretsa diso!" Mmawa uliwonse ankamutulutsa padzuwa, kukoka chikope ndi chala chachikulu, n'kusuzumira.

Masana ankakhala m'sitolo pa thumba lawo la simenti, ndipo aliyense wodzagula misomali ankachoka atamva za timiyala. Sabata yoyamba timiyalato tinali ngati misere. Sabata yachiwiri tinafika pa nyemba. Tsiku lina ndinawamva akuuza msodzi wina, Mustafa, kuti kamodzi kanali ngati dzira la njiwa.

"Atsibweni, musanamize anthu," Bernadeta anatero.

"Iwe unaona? Unali utatsinzina. Ndinaona ndine."

Amayi a kumphakati aja anabwera kudzazonda, ndipo a Damiano anawafunsa mmodzimmodzi kuti mkazi wa ku Beira uja anamuona ndani. Sanapezeke amene anamuona. Ana anga a ku Tete nawonso anasowa tsiku lomwelo.

Koma diso linkadonthabe, ndipo ine mtima sunali m'malo. Dokotala anaimba foni kunena kuti zoyeza zija zasonyeza tizilombo tomwe ankaganizira, mankhwala ndi omwewo, tisatope. Kufiira kunatha. Manthongo anasiya. Chotupa chinaphwa. Misozi inayamba kubwera mmawa wokha, kenako pakawomba mphepo pokha. Titabwerera ku Lilongwe dokotala anathiranso madzi m'kabowo kaja, Bernadeta anameza, dokotala nati kanjira kapola, kali pululu. Tsiku lina Bernadeta anakhala pa kauntala kuyambira kutsegula mpaka kutseka osagwira kumaso. Mawa lake chimodzimodzi. A Damiano ankaona zonsezi, koma pakamwa pawo panali potseka.

Kenako uthenga unafika kuchokera ku Golomoti. Thonje latha, lili m'mabelo. Amayi ake a Bernadeta azira nyumba yoti mwana wawo adzakhalemo, ndipo akufunsa kuti abwera liti.

Mmawa wake a Damiano anavala jekete lija. "Akamwini, thirani mafuta m'galimoto. Tipite kwathu. Bernadeta, vala."

"Ndilongedze zovala, atsibweni?"

"Ndati vala."

Ine, amene pakamwa panga sipazizira, ndinayendetsa ngati ndanyamula maliro. Bernadeta kumbuyo ankangopinda ndi kupindula nsonga ya chitenje.

Titafika, mbumba yonse inali pabwalo. Amayi analuluta, ana anathamangira galimoto. Apongozi anga aakazi anakumbatira mwana wawo, ine osandiyang'ana n'komwe, natuma atsikana kuti akatsitse katundu. Atsikanawo anapeza shuga, mchere, sopo ndi chambo chouma chimene ndinanyamula ngati mphatso.

"Nanga masutikesi?" amayiwo anafunsa.

A Damiano anakhala pa mpando wawo pansi pa mtengo wa masawu, nadikira kuti onse akhale chete.

"Bwerani mumuyang'ane m'diso. Nonse, mmodzimmodzi. Mlongo wanga, yamba ndiwe."

Anabwera, anayang'ana. Diso linali loyera, louma, lofanana ndi linzake.

"Lauma," anatero amayi ake a Bernadeta. "Langoona kwawo n'kuuma. Si zimene tinkanena?"

Koma a Damiano anakweza dzanja.

"Limeneli silinaumire pano. Laumira pa Mtakataka, m'nyumba ya akamwini, ine ndikuliyang'ana mmawa uliwonse. Munali miyala mmenemu. Ndinaiona ndi maso angawa ikutuluka, dzanja la mwanayu lili m'dzanja langa. Mlandu uja ndinaugamula molakwa, ndipo ndikuugamulanso. Munthu uyu amalankhula kwambiri, zimenezo tonse tikudziwa, makutu anga atopa. Koma pakhomo la chipinda chochekera anandipatsa malo ake, iye n'kutsala panja ngati mlendo. Mwana wathu wandiululira kuti anamupezera njira yowinira mlandu, iye anaikana kuti diso lichire msanga. Bernadeta wabwera kudzacheza. Dzuwa likapendeka abwerera kunyumba kwake."

Amayi ake a Bernadeta anati, "Nanga nyumba tazira ija, achimwene?"

"Muikemo mabelo a thonje. Ndipo wina agwire tambala wofiira uja, apite ndi akamwini."

Apongozi anga aakazi anayang'ananso m'diso la mwana wawo, nthawi yaitali. Kenako anabwera pamene ndinakhala, anagwada patali pang'ono monga mwa ulemu wa apongozi, naomba m'manja. Ine ndinaomba nawo, ndipo ndikuuzeni, ndalandirapo ulemu kwa mabwana a makampani ku Durban, koma kuomba m'manja kumene kuja sindingakusinthanitse ndi thiraki yatsopano.

Dzuwa litapendeka ndinatsegula chitseko chakutsogolo, Bernadeta anakwera, tambala ali pamiyendo. Anatsitsa galasi, mphepo ikumuwomba kumaso msewu wonse, diso lili phee. Titayandikira pa Mtakataka ndinachepetsa liwiro, ndinayatsa magetsi onse masana, n'kuyamba kuliza hutala kuyambira pa mlatho.

"Bambo a Katerina, anthu aziti chiyani?"

"Atuluke aone amene wakhala kutsogolo," ndinatero, ndipo sindinachotse dzanja pa hutala mpaka pakhomo pa sitolo.